Kabotolo Kamene Ndinathira mu Injini

Mpaka lero amuna anga sadziwa kuti injini ya galimoto yathu ndinaipha ndine. Tiyamike, mnzanga wa kukoleji, anandigulitsa kabotolo ku Limbe. "Asisi, m'menemu muli timibulu ta nano tosaoneka ndi maso. Mukathira mu oilo zitsulo sizikhulana, galimoto sidzakuferaninso panjira muli ndi mwana." Ine ndi mantha angawa ndinathira mobisa, sukulu yonse ija nditaiwala.

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi, injini inagogoda n'kuzima pa Chimwankhunda. Mu oilo anapezamo fumbi la makala. Amuna anga anakalipira makaniko wathu mpaka kumusiya, ine ndikungoyamwitsa mwana, maso ali pansi.

Tiyamike, amene anandiperekeza pa ukwati wanga, foni sayankhanso. Kodi ndinachita bwino kukhala chete?