Boti wa a Mawaya

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Mawaya, chifukwa moyo wawo wonse akhala akukonza mawailesi pa kabenchi kuseri kwa shopu ya mabatire. Ndinakwatiwa ndi munthu woti akaona chinthu chomangidwa ndi masikuluu, mtima sukhala m'malo mpaka atachitsegula. Ayironi yanga yatsopano anaimasula isanawonongeke n'komwe, ati angoona m'kati.

Ndiye sitiroko itawalanda dzanja lamanja, ine ndinaopa zenizeni. Adokotala anali atanena kuti moyo ulipo, koma munthu wotereyu angokhala pampando manja ali lende? Miyezi yoyamba anali olusa koopsa. Akagwetsa kapu, wolakwa ndine. Dzanja lodwalalo ankalibisa m'thumba la jekete, ndipo ndikawakumbutsa za mafizo ankangoti, "Mayi, chinthu chakufa sachivutitsa."

Chinawadzutsa ndi gulu la pa intaneti. Mayi amene ankawachititsa mafizo kuchipatala anatsegula seva yochezerapo ya odwala sitiroko ndi owasamalira. Seva ili ngati nyumba ya zipinda: cha moni, cha mafunso, ndi china chongodandauliramo, chomwe ife akazi tinkachikonda kwambiri. Mayiyo ntchito itamuchulukira, anaona kuti a Mawaya sachokamo, ndiye anawasiyira kuti aziyang'anira.

Posakhalitsa akamberembere ananunkhiza. Ankalowa ndi mayina aulemu n'kulemba kuti ali ndi mafuta ochiritsiratu sitiroko, imbani nambala iyi, dinani apa. Mayi wina anawasiyitsa amuna ake mapiritsi a BP chifukwa cha botolo la madzi akuda, ndipo bambowo anabwerera ku wodi. A Mawaya ankafufuta mauthengawo ndi dzanja limodzi, koma akafufuta uwu, ena afika kale.

Ndi pamene anaika boti. Kwa inu osadziwa ngati ine poyamba, boti ndi kapulogalamu kokhala m'gulumo ngati mlonda. Sikaganiza ayi. Umakapatsa zikombole, mmene amanenera iwowo, ndipo uthenga ukalowa ndendende m'chikombole kamaufufuta, wolembayo n'kumutseka pakamwa. Laputopu yakale ya mwana wathu inalanda tebulo lodyera, ife tikudyera pamiyendo. Ankagogoda ndi chala chimodzi chamanzere timabulaketi, timadontho ndi tinyenyezi, lilime lili panja. Anayatsanso malamulo amene botiyo anabwera nawo: wobwereza uthenga womwewo, wokoka chilembo chimodzi kambirimbiri, ndi wolemba zilembo zazikulu zokhazokha, onsewo atsekedwe.

Gulu linayera. Ndinkawamva akugogoda ndodo yawo pakhonde monyada. "Mayi, mwaona? Wagwira ena ine ndili kubafa."

M'gulumo munali bambo wina wachikulire amene tonse tinkawatchula kuti Aphunzitsi. Iwowa sitiroko inawalanda mawu, ndipo dzanja limene linatsala limanjenjemera. Amakhala ndi mlongo wawo, amene amapita kuntchito n'kuwasiya okha tsiku lonse. Gululo ndiye linali pakamwa pawo. M'mawa uliwonse ankalemba kuti MWADZUKAAAA BWANJJI, ndi zilembo zazikulu poti zazing'ono saziona, ndipo chala chikanjenjemera pa batani moniyo ankabwera kangapo motsatizana. Tinali titazolowera moti tinkangoyankha.

Ine ndi amene ndinayamba kuona kuti moni uja wasowa.

"Abambo, Aphunzitsi ali kuti masiku ano?"

"Mwina bandulo yawathera," anatero, maso ali pa laputopu.

Sinali bandulo. Mlongo wawo anatilembera kuti Aphunzitsi asiya mafizo, foni aiika m'dirowa, akungogona chotembenukira kukhoma. Atawafunsa, anamuonetsa uthenga wa boti: mwatsekedwa chifukwa chosokoneza gulu. Tangoganizani, munthu amene waphunzitsa ana a eni kugwira cholembera mpaka imvi, lero makina akumuuza kuti kulemba kwake n'kosokoneza. Ine zinandiwawa mpaka ndinalira.

Gulu linalusa. Aliyense ankati chotsani chinthu chanucho, ndipo ine ndinali patsogolo, mawu ali pamwamba. A Mawaya anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Ndikamuchotsa, a mafuta aja abwera mawa," anatero. "Wolakwa si boti. Malamulo awa anawalembera anthu a manja abwinobwino. Amene anawayatsa osaganiza ndi ine, ine wa dzanja limodzi."

Kuntchito kwawo kwakale, wailesi ikavuta sankaitaya, ankatsata waya mpaka apeze podukira. Apanso anachita chimodzimodzi. Anatenga mauthenga a akamberembere n'kuwaika pambali pa mauthenga a anthu athu, kenaka anandiitana.

"Taonani, mayi. Wakuba amalemba mosamala, palibe chilembo chodumpha. Wathu amalemba ngati ali m'minibasi pa msewu wa mabampu. Ine ndinapatsa mlonda chithunzi cha eni nyumba m'malo mwa cha akuba."

Malamulo obwera ndi boti aja anawazimitsa onse. Anaumba zikombole zatsopano: munthu akhale wongolowa kumene, uthenga wake ukhale ndi nambala ya foni kapena linki, komanso mukhale mawu olonjeza kuchiritsa kapena oitanira malonda. Zikakumana zonsezo, ndiye boti agwire. Ndipo kufufutiratu anakuletsa. Uthenga wogwidwa uzipita kaye ku kachipinda kakuseri, iwo akauone ndi maso awo.

Asanaziike pagulu, anatsegula chipinda chopanda anthu choyeseramo, ndipo ine anandilemba ntchito ya ukamberembere. Ndinalowa ndi dzina latsopano pa foni yanga n'kulemba kuti ndili ndi mankhwala abwino ndithu.

"Mayi, namizani bwino. Mukulemba ngati munthu wopemphera."

Ndinadzipereka. Ndinalonjeza kuti wogona aimirira, wosalankhula aimba kwaya, odani lero katsala kochepa, nambala nayi. Boti anandigwira pompo, ndipo amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Anati sankadziwa kuti akhala ndi tsotsi m'nyumba zaka zonsezi.

Kunatsala kuyesa mbali inayo, kuti munthu wonjenjemera adutsa kapena ayi. Ndinayesa kulemba mosokoneza dala, koma iwo anapukusa mutu, ati kunjenjemera kwanga n'kwabodza. Kenaka anatulutsa dzanja lija m'thumba la jekete, analinyamula ndi linzake n'kuliika pa laputopu. Zala zinkaterereka, chilembo chimodzi chikutuluka mzere wonse, thukuta lili kamukamu pachipumi. Analemba, anatumiza, analembanso. Boti sanakhudze ngakhale uthenga umodzi.

"Eya," anatero, akuliyang'ana dzanjalo. "Kani uli ndi ntchito."

Ine ndinathawira kukhitchini, ati kukaona madzi pamoto.

Kupepesa pa foni anakana. Tinakwera minibasi mpaka kwa Aphunzitsi, iwo ndi ndodo yawo, ine ndi laputopu m'chikwama. Tinawapeza atatembenukiradi kukhoma. A Mawaya anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Aphunzitsi, palibe anakuthamangitsani. Ndine ndinatchera molakwika, ndipo ndakonza. Taonani amene wayesa."

Anawaonetsa chipinda choyesera chija, mizere yokhotakhota ya dzanja lawo lamanja. Aphunzitsi anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana dzanjalo. Sanagwedeze mutu, sanatenge foni. Tinabwerera osadziwa ngati zatheka.

M'mawa mwake ndikusesa pabalaza, foni inalira. Inaliranso, n'kuliranso. MWADZUKAAAA BWANJJI, wina pansi pa mnzake, ndipo onse anakhala pomwepo osafufutidwa.

Masiku ano a Mawaya amadzuka n'kuyamba ndi kachipinda kakuseri, kuona amene boti wagwira. Akamberembere akasintha kalembedwe, iwonso amasintha chikombole, ndipo ine ndikadali tsotsi wawo woyesera. Ndimawanyadira amuna angawa, ndipo ndilibe nazo manyazi. Koma tsiku lija ndinaima ndi tsache pakhomo n'kumawayang'ana. Ndinkayesa ayankha kamodzi basi. Iwo anakoka mpando, anaika dzanja lamanja pa laputopu, ndipo anayankha moni aliyense payekhapayekha, tiyi akuzizira pambali.