Chitsime Chotsiriza cha Mayi Ezeliya

Mayi Ezeliya anafika ku Nsaru kuchokera ku Phalombe matipate atangoyamba, potsatira amuna awo, a Evaristo, amene anapeza utenanti pa esiteti ya fodya. Ntchito ya mayiwa inali kuthirira nazale kudambo. Kumeneko matenanti ankakumba zitsime, ndipo dzuwa likakula ankaziphimba ndi udzu kuti madzi asaphwe msanga.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Triza, ankakonda atombolombo, makamaka ofiira aja amene amatera pansonga ya bango, n'kuuluka, n'kubwereranso pomwepo. Tsiku lina mmodzi anatera pa udzu wophimba chitsime, Triza n'kumutsatira monyang'ama, udzuwo n'kumira naye m'chitsimemo. Amayi ake anali atawerama pa mbande za fodya ndipo sanamve kanthu. Udzuwo anali atauyala okha m'mawa womwewo.

Fodya atatha, a Evaristo anamanga katundu.

"Tiyeni kwathu, amake Triza. Kodi mudzakhala mukulondera dothi mpaka liti?"

"Nanga mwana atsale ndi yani? Manda ndi a eni ake awa, palibe amene akumudziwa. Tsogolani, ndikupezani."

Mayi Ezeliya sanawatsatire. Anakhala ndi maganyu, ndipo chaka chilichonse anthu akamaliza kuwokera fodya, iwo ankayenda ndi khasu kukwirira zitsime zosiyidwa. Achinyamata ankawaseka: "Amayi, ntchito imeneyi anakulembani ndani?" Iwo ankangomwetulira.

Chitsime chimodzi chokha sanachikwirire. Anachizinga ndi minga, chifukwa atombolombo ofiira ankaswana momwemo, n'kumatera pa bango la m'mbali mwake. Masana ankakhala pambali pake, ndipo mmodzi akatera pa mpini wa khasu, ankamufunsa motsitsa mawu, "Wadya kodi?"

Mayiwa atayamba kumera imvi, pa esiteti panabwera banja latsopano lokhala ndi kamtsikana, Mable. Tsiku lina masana Mayi Ezeliya anakapeza Mable atalowa kale pakati pa minga, kadzanja katatambasukira tombolombo wofiira. Anamunyamula, kukamupereka kwa mayi ake, n'kubwerera ndi khasu.

Anakwirira mpaka dzuwa kupendeka. Tombolombo uja anazungulira pamwamba pa dothi lonyowalo kufunafuna madzi, kenaka analowera kumunsi kwa dambo.

Mpaka lero masana Mayi Ezeliya amapita kukakhala pamalopo. Bango lija lilipobe, koma pansonga pake sipatera kanthu.