Mafuta a Mandasi mu Sinki ya ku Balga

Loweruka, sabata yoyamba ya Juni.

Lero ndadzuka mtima uli wolemera. Kunja mvula ikuwaza ndipo mawindo achita nthunzi. Ndinatsegula mabuku kuti ndiwerenge za mayeso, koma maso amangoyenda pamwamba pa mizere. Ndiye ndaganiza zolemba nkhaniyi, mwina ikatuluka m'mutu ndipeza malo oikamo za sukulu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ine ndi Amayi tinafika kuno ku Perth kuchokera ku Area 25. Bambo anatsala ku Lilongwe kudikira mapepala awo. Amayi anayamba ntchito ya unamwino pachipatala cha ku Murdoch, ndipo titagona miyezi ingapo pabalaza pa anzawo, tinapeza kanyumba ka lendi ku Balga, dera lina la mumzinda uno. Nyumba kuno sizipezeka wamba. Amayi ankakonda kunena kuti tikangoitaya imeneyi, Bambo adzafikira pamsewu. Panali mayi wina wa ku ofesi yoyang'anira nyumbazi, amene tinkangowatchula kuti a ejenti. Ankabwera nthawi ndi nthawi kudzayendera, kusuzumira mu uvuni ndi kujambula makoma. Tsiku limene akubwera tinkakolopa ngati kukubwera apongozi.

Loweruka lililonse Amayi ankakazinga mandasi okadya kutchalitchi. Anthu a kwathu ankawayembekezera kwambiri, moti ena ankayamba kufunsa mapemphero asanathe. Ku Area 25 mafuta akada tinkakawataya kudzala, kuseri kwa nyumba. Kuno kuseri kunali simenti ndi kakapinga kochepa, komwe a ejenti ankakayang'ananso. Choncho Amayi ankathira mafutawo mu sinki, n'kutsatiza madzi otentha ndi sopo.

Tsiku lina kusukulu aphunzitsi anationetsa chithunzi cha paipi yodulidwa pakati, mkati mwake mutadzaza mafuta ouma. Anati mafuta amapita ali amadzimadzi, koma akafika pozizira amagwirana. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi changu cha mwana amene wadziwa chinthu chachikulu.

"Amayi, aphunzitsi akuti mafuta sathiridwa mu sinki. Akuti amatseka mapaipi."

Amayi anaseka uku akutembenuza mandasi. "Aphunzitsi akowo anayamba akazingapo mandasi? Tadala, ndipatse mbale iyo."

Ndinawapatsa mbale. Nyengo yotentha yonse madzi ankapita bwinobwino, ndipo nanenso ndinayamba kuganiza kuti mwina aphunzitsi anangokokomeza.

Kenako kunabwera kuzizira kwathu koyamba. Sinki inayamba kuchedwa kumeza madzi, ikumalira ngati munthu wotsamwa. M'khitchini munkamveka kafungo kowola komwe sitinkadziwa kochokera. Loweruka lina m'mawa, makina ochapira akutulutsa madzi, ndinamva mapazi anga akunyowa ndili chiimire pakhonde la m'kati. Madzi otuwa, oterera, ankatumphuka pa kabowo ka pansi m'chipinda chochapiramo, n'kumayenderera kulowa pa kapeti. Ndinathamanga kukazimitsa makinawo. Amayi anatulutsa matawulo onse a m'nyumba, ndipo atatha anayala zitenje zawo, ngakhale chija chatsopano cha bungwe la amayi a kutchalitchi. Tinagwada tonse awiri, tikufinyira m'ndowa, zala zitachita dzanzi. Kenako Amayi anaimbira foni a ejenti kuti atumize wokonza mapaipi.

Pulambala anabwera masana. Anali bambo wachete, wovala kabudula ngakhale kunkazizira chotero. Anamasula paipi yokhota ya pansi pa sinki, kenako anapita panja n'kulowetsa waya wautali wozungulira ndi makina m'dzenje la madzi oipa. Zimene zinatuluka zinali zibuma zoyera ngati sopo wamtanda, koma fungo lake linandithamangitsira kumpanda. A ejenti anafika iye akutsuka zida zake. Anayang'ana kapeti, anayang'ana zibumazo, kenako anafunsa mwaulemu kuti ndani amathira mafuta mu sinki.

Ndinali nditaima pambali pa Amayi. Ndinamva dzanja lawo likutera paphewa panga, ndipo ndinaganiza kuti akundilimbitsa mtima. Anayankha m'Chingerezi chawo chabwino chija cha kuchipatala. Anati ndi mwanayu, wangobwera kumene kuchokera kumudzi, sadziwa za masinki, ndipo iwo amakhala ali kuntchito.

Ndinatsegula pakamwa. Dzanja lija linafinya.

"Khala chete," anatero m'Chichewa, nkhope ikumwetulirabe kwa mlendo. "Yang'ana pansi."

A ejenti anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndi mawu olankhulira khanda, kuti mafuta amapita ali amadzimadzi koma akafika pozizira amagwirana. Anandifunsa ngati ndamva. Anandiuza kuti ndilonjeze kuti sindidzachitanso. Ndinalonjeza, ndinapepesanso. Sindinakhalepo kumudzi chibadwire, ndipo sinki tinali nayo ku Area 25, koma ndinayang'ana pansi monga ndinauzidwira.

Nyumba sitinachotsedwe. Madzulo ake ndinadikira kuti Amayi anene kanthu. Anangoti, "Zatha izi, tiiwale," n'kundiikira nthuli yaikulu ya nkhuku m'mbale. Sindinaidye. Sabata yotsatira anaika botolo lalikulu pafupi ndi chitofu, ndipo mafuta akale anayamba kupita m'menemo. Sananene kuti nzeruyo yachokera kuti.

Kuyambira pamenepo za mapaipi zinakhala ntchito yanga, mwina chifukwa ndinkaopa kuimitsidwanso pamaso pa mlendo. Mwezi wa Meyi ukafika ndimachotsa masamba m'ngalande za padenga ndi pa dzenje la panja lija. Ndimagwada pansi pa sinki ndi tochi kuona ngati timapaipi tofewa tobweretsa madzi tayamba dzimbiri. Ndimayesa mpopi waukulu wa pa mita ya madzi, kutsogolo kwa nyumba, kuti ndione ngati ukutembenuka, chifukwa paipi ikaphulika ndi pamenepo pothamangira. Bambo atafika anayamba kunditcha injiniya wa pakhomo. Iwo amadziwa kuti ndinaphunzira chifukwa cha kulakwa kwanga, poti ndi mmene anauzidwira.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaikira kumbuyo Amayi mumtima mwanga. Ndinkadziuza kuti anali okha m'dziko la eni, ndi mwana, ndi mwamuna wodikira kutali. Ankadziwa kuti mwana amakhululukidwa pamene wamkulu amalembedwa m'buku la oipa. Ndinkati pansi pa mtima akudziwa zoona, ndipo chinsinsichi ndi cha ife awiri. Pena ndinkanyadira kuti nyumba ija ndinaipulumutsa ndine.

Dzulo madzulo kunabwera Anti Eluby, namwino amene wangofika kumene kuchokera ku Zomba, pamodzi ndi amayi ena awiri a kutchalitchi. Amayi ankawalangiza za moyo wa kuno, za mabasi, za kuzizira, za a ejenti. Ine ndinkathira tiyi.

"Ndipo asisi, mafuta musamathire mu sinki," anatero Amayi. "Funsani uyu. Anatitsekerapo mapaipi onse, nyumba kusanduka dambo. Tikanagona panja chifukwa cha mwana ameneyu."

Onse anaseka. Anti Eluby anandimenya pamkono mwachikondi. "Iwe Tadala, nkhope yofatsayi, kani ndiwe chigawenga?"

Ndinayang'ana Amayi, ndikudikira kuti anditsinzinire diso, kapena ayang'ane kumbali mwamanyazi. Ankaseka ndi mtima wonse, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Panalibe a ejenti m'chipindamo. Panalibe nyumba yoti ipulumutsidwe. Ndinamaliza kuthira tiyi, ndinagwada popereka, n'kupita kuchipinda.

Chimene chandipweteka si bodza la tsiku lija. Limenelo ndimalimvetsa, ndipo mwina nanenso mantha akanandigwira chimodzimodzi. Chandipweteka n'chakuti ndinaganiza kuti ndawabwereka dzina langa kwa tsiku limodzi, koma iwo analitenga ngati ndawapatsiratu. Sindikudziwa ngati aiwaladi, kapena nkhaniyo aikamba kambirimbiri mpaka aikhulupirira. Ndaona tsopano kuti kukhala chete kwanga sikunasunge zoona. Kunangopatsa bodza malo oti likhazikike, mpaka lakhala nthabwala ya pa tiyi.

Amayi anga si munthu woipa. Ndi omwewa amene amandidikira pa siteshoni mvula ikamagwa, atangoweruka miyendo itatupa. N'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti angathe kundimva.

Mawa tikabwera kutchalitchi Bambo amakagona pang'ono, ndipo ine ndi Amayi timatsala awiri kutsuka mbale. Ndidzadikira titseke mpopi. Sindidzakweza mawu, ndipo sindikufuna kuti akaitane Anti Eluby kudzakonza nkhani. Ndidzangowafunsa mwaulemu kuti, "Amayi, mafuta aja ankathira ndani?" Ndipo sindidzachoka m'khitchinimo kufikira atandiyankha.