Kunenepa Kumene Kunandilanda Miyendo

Chizindikiro choyamba chinabwera mwezi wa Juni, chisanu chili pachimake. Ndinali nditanyonyomala kudimba ndikukumba mbatatesi, ndipo nditafuna kudzuka miyendo inakana. Sikuti inkapweteka ayi, inangokhala ngati si yanga. Ndinagwira mpini wa khasu ndi manja awiri n'kudzikoka, ine amene ndakhala ndikukwera phiri la Dedza kuyambira ndili mwana.

Ntchito yanga ndi ulimi, koma mtima wanga uli kuphiri. Tili ndi kagulu kathu kokwera matanthwe ndi zingwe, ndipo nthawi zina timapikisana kuthamanga chokwera mpaka pansonga. Ndinabadwa woonda. Bambo anga anali oonda, agogo chimodzimodzi. Kwathu timadya ngati dzombe koma thupi silisunga. Anzanga ankanditcha Nsungwi, ndipo pathanthwe kuondako kunali mwayi wanga, chifukwa mikono sinkavutika kundinyamula.

Kumudzi nkhani inali ina. Ndimakhala pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga Nachisale, ndipo mkamwini woonda ndi manyazi a pakhomo ponse. Pachitsime ena ankati apongozi anga amandimana chakudya, ena ankati ndili ndi matenda aja. Magazi ndinayezetsa, anandipeza ndili bwino, koma zotsatira suyenda nazo pamphumi. Apongozi, poti mwamwambo sitilankhulana maso ndi maso, ankangotumiza mawu kudzera mwa mwana wawo kuti kodi bambowo akudya ndithu. Funsoli linkandiwawa kuposa mwano.

Mu Febuluwale wa chaka chomwecho ndinapita kukagulitsa kabichi pa Chimbiya. Pafupi ndi pokwerera minibasi panali munthu wa katebulo ka zitini zojambulidwa amuna a minofu, ndi timapiritsi toyera tomanga m'timapepala. Anati, "Awa ndi mavitamini chabe, achimwene. Onyamula zitsulo m'tauni amamwa omwewa. Thupi libwera, ndipo phirilo muzikwera ngati nyani." Ndinagula ufa wa m'chitini ndi timapiritsito. Sindinafunse aliyense, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Thupi linabweradi. Pofika Epulo masaya anali atadzaza, khosi litakula, kamimba katatuluka. Potuluka m'tchalitchi anthu ankandigwira dzanja nthawi yaitali, amvekere, "Koma ndiye mwanenepatu, akukusungani bwino!" Apongozi anatumiza tambala. Ndisaname, ndinasangalala kwambiri. Sindinaone kuti nkhope ikamakula, ntchafu zikuchepa.

Pambuyo pa tsiku la kudimba lija, zina zinatsatira. Ludzu silinkatha, ndipo ndinkangokhalira kutaya madzi. Pamimba panatuluka mizere ngati ya mayi woyembekezera. Kabala kakang'ono kamene mwala unandicheka pachala kanakhala mwezi wathunthu osapola. Mu Julaye ndinapita ndi anzanga kuphiri. Pali thanthwe lina kumapeto kwa nkhalango ya paini limene timati ndi la ana, chifukwa ndi pamene timaphunzitsira ongoyamba. Ndinaponda phazi pamalo anthawi zonse, ndinakankha, koma thupi silinachoke pansi. Anzanga anaseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Ndinabwerera ndekha, ndikupuma pamtengo uliwonse.

Apa ndinakayikira timapiritsi tija ndipo ndinatisiya tsiku lomwelo. Patangopita masiku ochepa ndinayamba kusanza, chizungulire, mafupa onse kuphwanya; ndikaimirira m'maso munkada. Nditamwanso kamodzi, madzulo ake ndinali bwino moti ndinadya. Ndinayesanso kusiya mu Ogasiti, zinachitika zomwezo. Ndinazindikira kuti ndakodwa. Ndikamwa, miyendo ikutha. Ndikasiya, ndikufa. Ndipo panja aliyense akundiyamikira kuti ndikuoneka bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinkachita mantha, ndipo ndinalibe woti ndimuuze, chifukwa munthu wonenepa akati akudwala anthu amangoseka.

Kumayambiriro kwa Seputembala wogulitsa uja anasowa pa Chimbiya, timapiritsi tanga n'kutha. Nachisale anandipeza nditagwa kuseri kwa nkhokwe chakumasana. Anandikweza pangolo mpaka kumsewu, kenako pagalimoto mpaka kuchipatala. Za ulendowo ndikukumbuka zochepa.

Ndinatsitsimuka ndili ndi dripi pamkono. Magazi ankathamanga motsika kwambiri, shuga naye anali atasokonekera. Adokotala atandiyang'ana nkhope, mimba ndi ntchafu, anafunsa funso limodzi: "Bambo, mwakhala mukumwa chiyani?" Nachisale anatulutsa chitini ndi kapepala kotsalira fumbi loyera. Adokotala anafotokoza mofatsa kuti zizindikiro zanga n'za mankhwala amphamvu amene amapatsa odwala mphumu kapena nyamakazi kwa nthawi yoyezedwa, ndipo anthu ena amawagulitsa mobisa ngati onenepetsa. Anati, "Kumeneku si kunenepa, n'kutupa. Mnofu wa m'ntchafu wadyeka. Komanso thupi lanu linasiya kupanga zake poona kuti mukulipatsa zakunja, n'chifukwa chake mukasiya mwadzidzidzi mumagwa."

Chimene chinandiliza n'chakuti mankhwala ochizira anali a mtundu womwewo. Ndinayenera kupitiriza kumwa chinthu chimene chinandiwononga, koma mochepetsa pang'onopang'ono mpaka thupi litakumbukira ntchito yake. Ndinafunsa ngati ndidzakweranso phiri. Adokotala anati sangalonjeze.

Ndinagonekedwa pafupifupi masabata awiri. Moyo wa m'wodi ndi wodikira. M'mawa anesi ankabaya chala kuyeza shuga, kenako phala, kenako kudikira adokotala, kenako kudikira kuti belu lilire olondera odwala alowe. Nachisale ankaphika panja pamodzi ndi amayi anzake, n'kumagona pansi pakhonde. Bedi langa linali pawindo, ndipo chifunga chikayera phiri linkaoneka lonse, mpaka matanthwe amene ndimawadziwa ndi zala. Ndinkapita kuchimbudzi chogwira khoma. Masiku ena ndinkapempha kuti atseke katani.

Nditatuluka, ndinkabwerera kuchipatala mwezi ndi mwezi kukakwera sikelo, kuyezetsa shuga ndi kuchepetsa mlingo. Kuchepetsa kulikonse kunkabwera ndi kufooka kwa masiku angapo. Anesi ena achikulire anandiphunzitsa kukhala pampando n'kudzuka osagwira kanthu, m'mawa ndi madzulo. Anati, "Musathamangire phiri, bambo. Yambani mwagonjetsa mpandowu." Mvula yonse ya chaka chimenecho ndinalimbana ndi mpando, Nachisale akulima yekha.

Nkhope itayamba kuphwa, manong'onong'o a pachitsime anabwerera, tsopano ndi umboni woti ndinagonekedwa. Amene ankandigwira dzanja nthawi yaitali anayamba kundipatsa moni wachisoni. Koma apongozi anali ataona ndi maso awo mkamwini wawo wonenepa akukwezedwa pangolo ngati thumba la chimanga. Tsiku lina anatumiza mawu kudzera mwa Nachisale: "Auzeni bambowo aonde mmene angaondere, bola azibwera pakhomo pano ndi miyendo yawo."

Mankhwala ndinamaliza mvula itatha. Lero shuga ali bwino, kabala kanapola, mizere ya pamimba yokha ndiyo inatsala. Pansonga sindinafikebe, ndipo sindikudziwa ngati ndidzathamanganso chokwera. Koma mu Juni wotsatira ndinapita pathanthwe la ana lija, ndinaponda pamalo anthawi zonse, ndinakankha, ndipo thupi linanyamuka. Anzanga anakuwa kuti Nsungwi wabwera, ine misozi ili chuchuchu.

Kwa inu anzanga amasewera amene munabadwa oonda: ufa kapena piritsi lililonse la patebulo kapena m'sitolo, kaonetseni kaye kuchipatala musanameze. Ngati munayamba kale ndipo nkhope ikukula miyendo ikufooka, musasiye panokha ngati mmene ndinachitira ine. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, mutanyamula chimene mukumwacho. Ine ndinadikira kuchokera Juni mpaka Seputembala chifukwa ndinkamvera anthu ondiyamikira. Lamlungu lathali mayi wina anandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi, nati, "Pepanitu, mwaonda." Ndinayankha kuti, "Zikomo mayi, ndachira."