Mpunga wa Kubafa

Alendo akafika kwathu kuno mvula ikamatha, amaima pamtunda pamene pali migwalangwa iwiri paja n'kugwira pakamwa. Sindiwanena. Chigwa chathu n'chokongola, ngakhale ine amene ndimachiona tsiku ndi tsiku ndimavomera. Ukaima pamenepo umaona dambo litayala mpaka ku bango la nyanja ya Amaramba, mpunga uli biriwiri, zulu zitatumphuka apo ndi apo, akakowa ali mbuu m'mphepete mwa madzi. Anyamata ogulitsa nsomba amadutsa kanjira ka pakati atakwera njinga, madengu akudontha. Chaka chatha kunabwera aphunzitsi kudzajambula ndi mafoni, mmodzi n'kundiuza kuti, "Mayi, inutu mukukhala m'paradaiso." Ndinamuyankha kuti paradaiso ameneyu ali ndi misundu, adzabwerenso madzi akadzadzaza adzaone.

Ine chigwachi ndinachidziwa nditakula kale. Tinathawa nkhondo ndili kamwana kosatha kumanga kapulana, chitenje chakwathu kuno, ndipo ndinakulira ku kampu ya othawa kwawo ku Malawi. Bambo anatisiya komweko. Pothawa anthu ananyamula mapoto, mikeka, ena nkhuku. Amayi anga ananyamula ine ndi kampunga ka mbewu komanga pansonga ya kapulana. Unali mpunga wakwathu, wa njere zazitali, wonunkhira.

Ku kampu kunalibe dambo. Kunali fumbi ndi mzere wa pamjigo, ndipo madzi tinkachita kukanganirana. Ndiye amayi anapeza malo amodzi okha onyowa chaka chonse, kuseri kwa bafa lathu laudzu, kumene kunkatsikira madzi osamba. Anadzala pamenepo, kamalo kochepa ngati mkeka. Chaka chilichonse ankakolola zongodzaza lata, chitini cha mkaka chija, n'kudzalanso. Sitinalawepo ngakhale njere imodzi. Tsiku lina njala itandipweteka ndinati tiphikeko pang'ono. Khofi limene ndinalandira ndimalikumbukabe. Anangoti, "Mbewu sadya," n'kupitiriza kupeta.

Mtendere utabwera tinabwerera, ine ndili namwali, amayi miyendo itatupa moti ankayendera ndodo. Tinamanga kanyumba pamtunda pomwe pali migwalangwa. Kumunsi, kumene kunali mashamba athu, minda yathu yakale, kunali tchire lokhalokha, udzu wopitirira mutu. Amayi sakanatha kutsikirako, choncho ntchito yonse inagwera ine. Anandiuza mosabisa kuti mbewu yagona kale chaka chimodzi chifukwa cha ulendo, ikagonanso siidzamera. Yonse inayenera kulowa m'nthaka chaka chomwecho. Ikafa, basi kwatha, panalibe kokapempha ina.

Pafupi nafe pankakhala banja la Chiyao, Asilamu, amene nkhondo yonse anaipirira m'mabango osachoka. Mwamunayo anali msodzi wofatsa. Mkazi wake ndiye ayi, pakamwa pake panalibe chitseko. Ife ankatitcha Amalawi. Ataona ndikupeta mbewu ija anafunsa kumene tinkailima ku kampu kopanda madziko, ndipo ine, kupusa kwanga, ndinanena zoona. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Mpunga wa kubafa! Wothirira ndi litsiro la anthu! Ndiye mudzaitana ndani kudzadya?"

Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. Ndikamadutsa ndi khasu ana ankakuwa, "Akubafa awo!" Zinkandiwawa zedi, ndipo ndinalumbira mumtima kuti mpunga umenewu udzamera m'chigwa muno, aseke asaseke.

Mvula itayamba ndinatsika kukasankha malo ofesera. Munthu wokulira pamzere wa mjigo sadziwa kuti madzi angachuluke mpaka kukhala mdani. Ine ndinkangofuna madzi ambiri, mpunga wathu umwe mpaka ukhute, ulipsire zaka zonse zakubafa zija. Ndinalunjika kumunsi kwenikweni, pafupi ndi bango, pamene matope ake anali akuda bii, onona. Ndinalambula, ndinafesa lata yonse. Unamera bwino, mayo ine, unamera mothithikana ngati ubweya wa mbuzi. Madzulo aliwonse ndinkakwera kukauza amayi msinkhu wake, ndikuonetsa ndi chala.

Madzi a nyanja sabwera ndi phokoso ngati a mtsinje. Amangokwawa. Kunagwa mvula yamvumbi kwa masiku angapo, ndipo m'mawa wina nditatsika ndinapeza dambo lakumunsi lasanduka nyanja. Pamene panali mbande zanga pankangooneka madzi okhaokha. Mkazi wa msodzi uja anali chapafupi, akuonjola mono. Anabwera, n'kugwira bango limodzi, n'kundilozera zinyalala zouma zimene zinakodwa pamenepo, molekeza pachifuwa panga.

"Mwaziona izi? Madzi a chaka chatha anafika apa. Ndipo pano sanayambe n'komwe. Maso munawasiya ku kampu?"

"Nanga inu mayi, munkandiona ndikufesa, bwanji osandiuza?" Ndinafunsa mokalipa, ulemu nditauiwala.

"Munafunsa? Munkadutsa mutatupa ngati finye."

Ankanena zoona, n'chifukwa chake ndinapsa mtima kwambiri. Koma nthawi yokangana panalibe. Ndinayang'ana kumtunda kwa dambo, ndinaona chulu chachikulu, m'munsi mwake madzi olekeza m'kakolo. Ndinathamangira kunyumba kukatenga dengu. Amayi anandiyang'ana nkhope. Ndinangoti, "Ndikubwera, amayi."

Ndinalowa m'madzi olekeza m'chiuno. Mbande sizinkaoneka, ndinkachita kufufuza ndi manja pansi, chibwano chikukhudza madzi, n'kuzula pang'onopang'ono kuti mizu isaduke. Ndikadzaza dengu ndinkasenza, n'kuyamba kuwoloka, phazi lililonse likutitimira m'matope. Ndikafika pachulu ndinkatula, n'kubwerera. Misundu inandimamatira m'miyendo monse, ndinkangoichotsa ndi chikhadabo magazi akuchucha. Kangapo konse ndinagwa, mbande n'kuyandama, ine n'kumazitola imodziimodzi ndikutukwana madzi. Ndinkadziyankhulira ndekha ngati wamisala: mpunga iwe, unapulumuka mfuti, unapulumuka njala ya ku kampu, ufere m'manja mwanga kwanu komwe? Ayi, zimenezo ndiye ayi.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva kuti phava, phava kumbuyo. Anali mayi uja, ali m'bwato la mwamuna wake, akupalasa ndi mponda, mtengo wautali wokankhira bwato.

"Ikani muno zinyalala zanuzo," anatero. "Mungatifere pano n'kutiwonongera nsomba."

Sindinathokoze, ndipo iye sanadikire kuthokozedwa. Ine ndinkazula, iye ankatuta, akunyoza njira yonse: kazulidwe kanga, kamangidwe ka kapulana kanga, Chichewa changa cha ku Malawi. Mawa lake anabweranso ndi khasu, tinasosa m'munsi mwa chulu, tinawokera. Anandimenya padzanja ataona ndikuthithikanitsa. Zimene tinapulumutsa sizinafike theka. Zotsalazo zinamira, ndipo patapita masiku ochepa ngakhale bango lija linkangooneka nsonga.

Mbande zinayamba zafota, zachita chikasu, kenako zinadzuka. Mpunga utatulutsa ngala kunabwera mpheta, gulu lake ngati utsi. Kuyambira pamenepo nyumba yanga inali pachulu. Ndinamanga zitini pachingwe, ndinkakoka ndi kukuwa kuyambira m'mawa mpaka mawu anasasa. Ndipo ndi pachulu pomwepo pamene ndinaphunzira chigwa chathu. Ndinaona kuti pamene pamera bango, madzi amamiza munthu, pamene pali udzu waufupi wolimba amangonyambita n'kubwerera. Ndinaona atsekwe akudutsa m'mawa kulowera ku nyanja ya Chiuta, ndinaona mapazi a mvuu m'matope n'kupemphera kuti isapatukire kwathu. Madzi atayamba kubwerera anasiya milamba m'maenje, akazi n'kumaigwira ndi manja akuseka. Ndinayamba kuchikonda chigwachi ndili wokwiya nacho, ndipo mpaka lero ndi mmene timakhalira.

Ndinakolola ndi kampeni, ngala imodziimodzi, kuopa kutaya njere. Zonse zinakwana dengu limodzi. Nditapuntha ndi kupeta, ndinakatula pamapazi pa amayi. Anayamba adzaza lata ija mpaka pakamwa, n'kutseka. Kenako anati ndikaitane mkazi wa msodzi. Atabwera, amayi anatapa ndi manja awiri n'kumuthirira pakapulana.

"Landirani mbewu, anzanga. Ndi ya kubafa, pepani."

Mayi uja anatsegula pakamwa kuti aseke. Koma anatola njere imodzi, anaisenda ndi mano, anatafuna, ananunkhiza m'manja mwake. Atayankhula, mawu ake anali ang'ono.

"Uwu ndi umene anaphika amayi anga pa ukwati wanga. Kuno tinadya mbewu yonse chaka cha njala. Ndinkayesa unatha ndi nkhondo."

Anamanga nsonga ya kapulana mfundo ziwiri, n'kunyamuka misozi ili m'masaya, osatsanzika.

Madzulo ake ndinachonderera amayi kuti ndiwaphikireko kambale kamodzi kokha. Anakana. "Zaka zonsezi ndaulima osalawa, ndiyambe lero pamene wangofika kumene kwawo? Uyambe wachuluka. Tidzadya chaka chamawa." Ndinaumirira mpaka tinayambana, koma amayi anga akati ayi, inali ayi.

Chaka chamawacho sanachione. Anamwalira mvula ili mkati, mpunga wachiwiri uli m'mawondo. Titakolola, anthu anasonkhana kudzawakumbukira, ndipo mkazi wa msodzi ndi amene anaphika, kuchokera m'munda mwake. Fungo linadzaza mtunda wonse. Ine ndinalandira mbale yanga, ndinakakhala pansi pa mgwalangwa, ndinadya ndikulira. Unali wokoma, ndipo kukomako ndi kumene kunkandiliza.

Lero mbali yathu ino ya chigwa ambiri amalima womwewo, ndipo dzina lija linakanirira. Ogula ochokera ku tauni ya Entre Lagos amafika n'kufunsa kuti, "Wa kubafa ulipo?" osadziwa chimene akunena. Mwana wanga wamkulu amati dzinali n'lochititsa manyazi, tilisinthe kuti malonda aziyenda bwino. Ndinamuuza kuti adzalisinthe ine nditapita.

Ndili ndi mashamba okwanira tsopano, kumtunda kwa dambo, kutali ndi bango. Komabe chaka chilichonse, mvula ikayamba, ndimatapa njere zodzaza dzanja n'kukafesa kuseri kwa bafa langa. Ana amaseka, amati amayi ayamba kukalamba. Asiyeni aseke. Ine madzi a chigwa chino ndinawaona ndi maso angawa, ndipo tsiku limene adzamizenso zonse, mbewu ya amayi idzakhale ndi kothawira.