Chimbale Chimene Ndinayanika pa Thandala

Nkhani iyi ndakhala nayo zaka zoposa makumi asanu, ndipo kufikira mwezi wathawu ndinali ndisanauzepo munthu. Ngakhale mkazi wanga anatisiya chaka chatha asakuidziwa. Ndikuilemba ndi dzanja lolemera, pakuti cholembera ndinachigwira mochedwa, ku sukulu ya kwacha, ndili kale ndi ana atatu. Mundipirire ndikamayenda pang'onopang'ono.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene alamu anga a Twaibu anabwerako ku Joni. Tinkakhala m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Nkopola, malo ogona alendo asanadzaze gombe lonse. A Twaibu anali amuna awo a achemwali anga a Asiyatu, ndipo monga mwa mwambo wathu ankakhala kwathu, pachikamwini. Kwawo kunali ku Namwera, kumapiri. Nyumba imene ankagonamo inali pamalo a amayi, munda umene ankalima unali wa amayi, bwato limene ankapalasa linali la amalume. Zawozawo m'mudzi monsemo zinali sutikesi, jekete, gumbagumba ya mabatire ndi chimbale chimodzi.

Pachikuto cha chimbalecho panali chithunzi cha mtsikana wakuda ngati ife, tsitsi lili njoo, atacheukira kumbali ngati wina wamuitana. A Twaibu ankati ndi wa ku Amereka, ndipo ichi chinali chimbale chake choyamba, chimene anyamata a m'migodi ankachita kulimbirana m'sitolo. Dzina lake linkatikanika kutchula, choncho mudzi wonse unkangoti Abiti Amereka.

Nyimbo za pa wailesi tinali titazimvapo, za magitala othamanga a ku Kongo ndi za zitoliro za ku Joni. Izi zinali zina. Ng'oma yake inkayenda mosafulumira ngati munthu wosenza mtolo, ndipo pansi pake pankalira gitala lamawu aakulu limene unkalimvera m'chifuwa. Ndiye panali mawu a mtsikanayo. Ankagwira liwu limodzi n'kulikoka, n'kulipinda, n'kulikweza mpaka iwe kuganiza kuti liduka, kenako n'kulitsitsa bwinobwino, anzake akumuvomera kumbuyo monga amachitira azimayi pamtondo. Chingerezi panalibe ankachimva, ngakhale a Twaibu amene. Koma tonse tinkadziwa kuti apa akudandaula, apa wakana, apa wakhululuka.

Loweruka lililonse masana anthu ankadzaza pansi pa mtengo wa mango wa kwathu. A Twaibu ankapukuta chimbalecho ndi mpango, n'kuliza mbali imodzi yokha posunga mabatire, ndipo munthu amene masiku onse ankangotchedwa mkamwini wa kwa Abiti Daudi, amayi athu, ankakhala mwini bwalo. Atsikana anayamba kupesa tsitsi choimika. Anyamata anakhoma magitala a zigubu za mafuta. Achemwali anaziloweza nyimbo zonse, nayamba kuikamo mawu a Chiyao. Ina anaisandutsa yolangiza mkwatibwi, ndipo ataiimba paukwati wina azimayi akuluakulu anapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Mvula isanagwe tinamva kuti nyimboyo yawoloka nyanja, akuiimba ku Makanjira.

Amayi okha ndi amene sankachifuna chimbalecho.

"Mtsikana wobuula chonchi pamaso pa amuna, akunena zabwino ameneyu?" anatero tsiku lina akuyanika usipa pa thandala lawo. "Asiyatu, ukuimba zotukwana osadziwa. Tsiku lina ndidzachiwamba ngati mlamba, Abiti Amereka wanuyo adzakhale chete."

Azimayi anzawo anaseka. A Twaibu anamva ali kuseri kwa mpanda, koma sakanayankha. Kwathu mkamwini sayankhulana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi; akakumana panjira, mmodzi amapatuka. Mawu aliwonse pakati pa awiriwo ankadutsa mwa achemwali.

Ine mawu a amayiwo anandiwawa. Achemwali ndi amene anandilera pamsana, ndipo sindinkafuna kuti anthu aziti amaimba zolaula. Kuseri kwa chikuto kunali zolemba zambiri. Ndinaganiza kuti munthu wodziwa kuwerenga atha kundiuza zoona, ndipo munthu woteroyo ndinkamudziwa mmodzi: mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, kuseri kwa phiri lolowa m'nyanja. Ife ku sukuluko sitinkapita. Bambo asanamwalire analetsa, poopa kuti akatibatiza.

Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala amuna onse anapita ku mzikiti, amayi ndi achemwali ali ku sadaka m'mudzi wina. Ndinatsegula sutikesi, n'kubisa chimbale m'malaya, n'kukankha kabwato kakang'ono ka amalume. Ndisanafike pakati mphepo inadzuka. Funde limodzi linandimenya pachifuwa, lachiwiri linadzaza bwato mpaka m'mawondo. Ndinabwerera chikuto chitanyowa, madzi akudontha m'chimbale.

Kwathu chilichonse chonyowa chinkapita padzuwa. Usipa, ukonde, makaka a chinangwa, zovala. Sindinaganize kawiri. Ndinachiyala pa thandala la amayi pakati pa usipa, chikuto pambali nditachitsendereza ndi mwala, n'kuthamanga kukakapa madzi m'bwato kuti amalume asadziwe. Amene amalidziwa dzuwa la Okutobala ku Mangochi, lija limawotcha mchenga mpaka agalu kuyenda chodumpha, adziwa kale zimene ndinapeza. Chimbale chinali chitapindika, m'mbali mutakwera ngati lichero, chikutentha zala. Ndinachikanikiza ndi manja, kenako ndi bondo, pa bango la thandala pomwepo. Sichinawongoke. Ndinachilowetsa m'chikuto, n'kuchibwezera pansi pa jekete.

Mawa lake anthu anasonkhana pansi pa mango monga mwa masiku onse. A Twaibu atachitulutsa anachitembenuza uku ndi uku. Anachiikabe pa gumbagumba, mwina poyembekeza chozizwitsa. Singano inkakwera ndi kutsika ngati bwato pamafunde, ndipo Abiti Amereka analira ngati mbuzi yomangidwa, mpaka ana ena anaphulika kuseka. A Twaibu anachichotsa, nachiyang'anitsa padzuwa. Mizere ya bango inali itadindika bwinobwino pamene ndinakanikiza ndi bondo. Anachinunkhiza. Kenako ndi chikhadabo anachotsapo kamamba ka usipa, n'kukaika m'dzanja la akazi awo.

"Asiyatu," anatero motsitsa, "kafunseni amayi anu ngati nsomba yawo yauma."

Achemwali anapita. Ine ndinawatsatira. Amayi anamvetsera akusenda chinangwa, osadzutsa mutu.

"Ine ndikalumbire chifukwa cha chimbale? Kulumbirira mkamwini? Ngati akuti ndine, ndine. Ukamuuze kuti thandalalo ndi langa, bwaloli ndi langa, ndipo dzuwa silipempha chilolezo kwa munthu wa ku Namwera."

Amayi anali otero. Akanalola kunamiziridwa kupha munthu kusiyana ndi kuoneka ngati akudzichepetsa kwa mkamwini. Pobwerera achemwali anandigwira paphewa.

"Jafali, iwe unatsala pakhomo dzulo. Sunaone munthu akulowa m'nyumba?"

M'mutu mwanga ndinawerenga zikwapu: za sutikesi, za bwato, za kujomba swala, pemphero la Lachisanu. Ndinayang'ana pansi.

"Ine ndinali ku mzikiti, achemwali."

Anandisisita mutu, napitirira.

Milungu itatu yotsatira achemwali ankayenda pakati pa nyumba ziwiri atasenza mawu amene sanali awo. Ena ankawafewetsa panjira, ena ankawameza, koma mudzi unkafikitsa wokha amene iwo asiya. Anaonda ndikuona. Tsiku lililonse ndinkadzuka nditatsimikiza kuti lero ndinena, ndipo tsiku lililonse nkhaniyo inkakhala itakula kuposa dzulo, yosayeneranso kukamwa kwa mwana. A Twaibu anati sangakhale pamudzi pamene chinthu chawo chimodzi chokha achiwamba ngati nsomba anthu n'kumaseka; ngati akazi awo akuwafuna, awatsatire ku Namwera. Amalume anakana, amvekere mwana wamkazi sachoka pa mbumba chifukwa cha nyimbo. M'mawa wina a Twaibu ananyamula sutikesi ndi gumbagumba. Chimbale anachisiya pakhonde, chitatsamira khoma.

Chikwapu sindinachilawe ngakhale chimodzi.

Achemwali anadzakwatiwanso ndi wogula nsomba wina, munthu wabwino ndithu, nabereka ana asanu. Koma kuimba analekeratu. Paukwati azimayi akayamba nyimbo yawo ija, iwo ankapita kukasonkheza moto. Ndi amayi ankangoyankhulana za mchere ndi nkhuni mpaka amayi anamwalira. Achemwali nawo atadwala matenda awo omaliza ndinakhala pambali pa mphasa yawo masiku anayi. Tsiku lachitatu tinatsala awiri. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Mumwa madzi?"

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Zainabu, amene ali ku sekondale, anabwera akuthamanga ndi foni m'manja.

"Anganga, tamverani izi! Anthu a ku Amereka atibera nyimbo yathu ya paukwati!"

Anandiika foniyo pakhutu. Inayamba ng'oma ija yosafulumira, kenako gitala lamawu aakulu, kenako iye. Abiti Amereka, wosapindika, wosakalamba, mawu ali ngati a Loweruka lija loyamba. Ndinagwira mzati wa khonde. Zainabu ankawerenga pafonipo mondimasulira: kuti chamba chake amati R&B, kuti ichi chinali chimbale choyamba cha mayiyo, kuti oimba ambiri a m'maiko osiyanasiyana anaphunzirira pa chimenechi kakokedwe ka mawu.

"Sanabe," ndinatero. "Tinabwereka ndife."

"Aa, anganga inunso! Nyimbo ya makolo imeneyi. Mayi anga anawaimbira, agogo anawaimbira."

"Nanga akunena chiyani m'Chingerezimo? Akutukwana?"

Anamvetsera, naseka. "Ayi. Akungomuuza mwamuna wake kuti asachoke asanamve mbali yake."

Ndinamuuza kuti azimitse, ndatopa.

Tsiku lonselo ndinakhala pakhonde. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati munthu amene anapha nyimbo m'mudzi mwathu. Koma nyimbo sinafe. Chimbale chinalira kwathu miyezi yochepa chabe, komabe chinasiya kaimbidwe kamene lero gombe lonse likuti n'ka makolo, ndipo palibe akudziwa kuti kanadzera m'sutikesi ya mkamwini ndi pakhosi pa a Asiyatu. Kuyanika chimbale padzuwa kunali kupusa kwa mwana wa msodzi, kumene kukanatha ndi zikwapu khumi ndi kuseka kwa chaka chimodzi. Chimene chinathetsa banja la achemwali, n'kuika amayi m'manda ndi mlandu wa eni, ndi mawu aja ndinayankha nditayang'ana pansi. Ndinawatchulira dzina la mzikiti, ndipo kuyambira pamenepo palibe Lachisanu limene ndavula nsapato pakhomo pake osawakumbukira.

Amene ndikanawapepesa anatha. Watsala mmodzi. Ogulitsa chimanga ochokera ku Namwera anali atandiuzapo kuti a Twaibu alipo, maso anafa, akusungidwa ndi mwana wawo wamkazi. M'dziko lonse lapansi ndi iwo okha amene akudziwabe amayi anga ngati munthu amene anawamba chimbale.

M'mawa mwake nditaswali ndinadzutsa Zainabu kuti andiikire nyimbo zonse m'kafoni kanga ndi kundionetsa podina. Ndinamanga usipa pang'ono wa mphatso, kenako nditauyang'ana ndinaubweza, n'kutenga mpunga. Ndinakwera galimoto pa boma la Mangochi, tinawoloka mlatho, n'kuyamba kukwera mapiri, nyanja ikucheperachepera kumbuyo. Ku Namwera ndinafunsa kawiri, ndipo mayi wina anandilozera nyumba ya njerwa zosawotcha pafupi ndi chigafa cha fodya. Pakhonde panali nkhalamba yaing'ono, itavala jekete ngakhale kunkatentha.

Ndinapereka salamu. Anayankha, natembenuzira khutu kumene kunali ine.

"Mawuwa ngakunyanja. Ndani?"

Ndinakhala pansi, pafupi ndi mapazi awo, foni ili m'dzanja.

"Ndine Jafali, alamu, mlongo wawo wa a Asiyatu. Lachisanu lija ine sindinapite ku mzikiti."