Kajeti Kamene Ndinamanga pa Chitenje

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo za njinga zamoto ndikudziwapo zochepa chabe. Koma fungo la petulo likasakanikirana ndi la buledi wotentha, ngakhale ndili pakati pa anthu mu Limbe, ndimapezeka ndabwerera pa khonde lina ku Chimwankhunda, ndili ndi zaka khumi, tsache lili m'manja. Ndiye ndati ndilembe, mwina mtima ungakhale m'malo.

Ababa anga, a Zuze, ankaperekera buledi wa bekale ina ya ku Limbe m'magolosale a ku Chitawira ndi ku Zingwangwa. Njinga inali yawoyawo, yakale, yofiira koma yosuluka ndi dzuwa, ndipo kumbuyo kwake ankamangako makireti atatu ndi mphira. Ife tinkakhala kumudzi ku Chiradzulu, ine ndi amayi ndi alongo anga awiri aang'ono. Ababa ankabwera Loweruka la kumapeto kwa mwezi, n'kugona tsiku limodzi, Lamulungu masana n'kubwerera. Anzanga ankaithamangira njingayo ikamalowa m'mudzi, koma ine sindinkaikonda. Chimene ndinkachidziwa bwino chinali kulira kwake ikamachoka, kumachepa pang'onopang'ono mpaka kuzimirira kuseri kwa munda wa nandolo.

Chaka chimenecho, pa tchuthi cha Pasaka, ababa ananditenga kuti ndikaone tauni kwa sabata imodzi. Ankachita lendi chipinda chimodzi ku Chimwankhunda, kuseri kwa nyumba ya a Nasibeko, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa. Mvula inali ikupita kumapeto, chimanga cha m'mphepete mwa mipanda chitayamba kuuma masamba, ndipo m'mawa phiri la Soche linkafunda nkhungu. Masiku awiri oyamba ababa ndinangowaona madzulo. Ankachoka ndili m'tulo, n'kubwera atatopa, ndipo ine ndinkaswera ndi a Nasibeko, kuwasendera nthochi, osayankhula pokhapokha andifunse.

Njinga inali itayamba kale kutsokomola. Lachiwiri ababa anakaisiya kwa a Chikopa, makaniko amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango ku Chitawira. Lachitatu madzulo ndinawaona akubwera akuikankha, thukuta lili kamukamu, milomo atailuma. Anauza a Nasibeko kuti anapeza a Chikopa ali pa bawo, kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, atamasula n'kutayira tizitsulo take m'chitini chopanda chivundikiro, nkhuku zikupalasa pomwepo. Bawuti lina anali atalimasula ndi tchizulo mpaka mutu wake kuphwanyika, ndipo paipi ya petulo anali ataimanga ndi waya. Ababa anangokhuthulira tizitsuloto m'pepala la shuga n'kunyamuka. Anati kuyambira tsikulo njinga yawo aziikonza okha.

Anayala thumba la ufa pa khonde n'kuyamba kusanja tizitsuloto, kalikonse pamalo pake, ngati mmene amayi amayalira tomato pamsika. Asanamalize kunagwa mvula yamphepo. Anapinda thumbalo mwachangu n'kulowa nalo m'nyumba.

Kwathu mwana wamkazi amadzuka ndi tsache, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuti a Nasibeko akauze ababa kuti ndinaleredwa bwino. M'mawa mwake ndinasesa khonde, pabwalo, mpaka kumpopi. Ndikuwola zinyalala kuti ndikataye kudzala, ndinaona kanthu kachikasu kakunyezimira m'dothi. Kanali kamkuwa, kakang'ono kuposa njere ya chimanga, kali ndi mazinga mbali imodzi ndi kabowo pakati. Ndinayesa ndolo ya mwana wa a Nasibeko. Ndinakamanga pa nsonga ya chitenje changa, mmene amayi amamangira singano ya makina kuti isatayike, ndi cholinga chofunsa wina akandiyankhula. Palibe amene anandiyankhula m'mawa umenewo.

Masana ababa anayalanso thumba lija. Anabwereka njinga yakapalasa kuti aziperekerabe buledi m'magolosale apafupi, choncho pofika cha m'ma 11 anali kale pakhomo. Ndinakhala pambali ndikuwagwirira kambale ka petulo wotsukira. Anabwezera chilichonse m'malo mwake, kenaka anaima. Anakung'untha pepala la shuga, anatembenuza thumba, anapapasa pansi. Anandiuza kuti kakusowa kajeti, kamkuwa kamene petulo amadutsamo, ndipo popanda iko njinga siyingalire. Anati a Chikopa akataya, kapena aika pa njinga ya munthu wina.

Ndinamva mfundo ya chitenje ikundikhudza pantchafu. Pakamwa ndinali nditatsegula kale. Koma ababa anapukuta manja n'kunena kuti:

"Loweruka sitipitanso kumudzi, mayi. Mawa uperekeze bambo ako ku Limbe, tikasake."

Ndinatseka pakamwa.

Sindinama, masiku amene anatsatira ndi amene ndimawakumbukira kuposa ena onse a ubwana wanga. Ababa akabwera kuchokera ku buledi ankasamba, n'kukulunga kabuleta m'kampango koyera, ine n'kunyamula. Mu Limbe munthu sagula sipeya ndi dzina lokha. Umanyamula chitsulo chako chakale, wogulitsa n'kuyesa pamaso pako. Tinkalowa m'masitolo a amwenye onunkhira matayala atsopano, kenaka kuseri kwa msika, kumene anthu amayala mabawuti, matcheni ndi magalasi pa malata. Aliyense ankamasula kampango kaja, n'kusuzumira, n'kukhuthula botolo la majeti pachikhatho. Ena anali aatali, ena mazinga ake osagwira. Ankatiuza kuti njinga za mtundu umenewu zinatha kalekale, tsopano kwadzaza zatsopano. Mnyamata wina anaseka, nati madala angoipereka ku miyuziyamu. Ababa anaseka nawo, nati njingayo inayamba kuyenda iyeyo asanamere mano.

Powoloka msewu ankandigwira dzanja. Dzanja lawo linali lokhakhala, m'zikhadabo muli oyilo amene sopo sankachotsa. Ankandigulira chimanga chootcha pa depoti, n'kuchithyola pakati, ine n'kundipatsa mbali ya kunsonga yanthete. M'minibasi ankandikhazika pamiyendo, n'kumandionetsa nyumba zosanja, njanji, ndi malo amene agogo anga anagona tsiku loyamba atafika kuchokera ku Mozambiki ndi mkeka wokha. Nkhani zimenezi kumudzi sankanena, chifukwa nthawi inkakhala yochepa ndipo anthu owafuna ankachuluka. Apa anali anga ndekha.

Tsiku lina tinadzera ku Chitawira. Pa mtengo wa mango uja panali anthu angapo odikira njinga zawo, ndipo ababa, amene sindinawamvepo akukweza mawu, anawakweza tsiku limenelo. Anauza anthuwo kuti achenjere, chifukwa pano zitsulo zimalowa zisanu n'kutuluka zinayi. A Chikopa, bambo wamfupi wa ovolosi yong'ambika pabondo, anavomera za tchizulo ndi za waya, koma za kajeti analumbira. Anati anakaona ndi maso awo kakulowa m'pepala la shuga. Munthu mmodzi anakankha njinga yake n'kuchoka nayo isanakonzedwe. Ine ndinaima kumbuyo kwa ababa, maso pansi, dzanja litafumbata mfundo ija.

Ku Ndirande tinapeza kajeti kamene mazinga ake anagwira. Tsiku limenelo ndinabwerera ndili wokhumudwa, poganiza kuti zanga zatha. Ababa anakamanga, anaponda kiki, njinga inalira. Koma inkatulutsa utsi wakuda wonunkha petulo, ndipo atafika pa chitunda cha pafupi ndi damu la ku Chimwankhunda inazima. Kabowo ka jetiyo kanali kakakulu, pulagi inada bii. Anabwera akuikankhanso. Ndimachita manyazi kunena kuti ndinakondwera.

Zinasintha pa Lachisanu Loyera. Titabwera ku Njira ya Mtanda ndinapita kumpopi kukatsuka mbale, ndipo ndinapeza a Nasibeko akucheza ndi mayi wa nyumba yoyandikana. Sanandibisire, mwina poona kuti ndine mwana wosayankhula. Ankati a Zuze awapatsa mpaka Lachiwiri. Njinga ikapanda kulira, abwana a kubekale apereka dera lawo kwa munthu wina wa njinga yatsopano, amene wayamba kale kuzungulirazungulira pageti. Mayi winayo anafunsa kuti nanga ana kumudzi adya chiyani. A Nasibeko anangoti Mulungu ndiye akudziwa.

Madzulo amenewo ndinawayang'anitsitsa ababa koyamba. Anakhala pa khonde mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Akakolo anali atatupa chifukwa chopalasa makireti pa zitunda za ku Zingwangwa. Masiku onsewo ndinkaona chimanga chootcha ndi dzanja lawo, koma mapazi sindinawaone.

Loweruka m'mawa ndinasesa monga mwa masiku onse. Ababa atabwera anayala thumba lija, ati ayese kuchepetsa kabowo ka jeti ya ku Ndirande ndi kawaya. Ndinagwada patali pang'ono. Mfundo inali italimba chifukwa cha thukuta la masiku khumi, moti ndinaimasula ndi mano. Ndinaika kamkuwa kaja pa thumba, pamalo pamene pankakhala popanda kanthu.

Ababa anakatola. Anakayang'anitsa kudzuwa, anauzira mpweya pa kabowo kake, kenaka anandiyang'ana.

"Wakatola liti?"

"Tsiku lija ndinasesa, mvula itagwa."

"Nanga bwanji sunanene?"

Ndinangoti, "Mukanandibweza kumudzi."

Ndinkayembekezera mbama, ngakhale anali asanandimenyepo. Kajeti kanali kadakali pachikhatho pawo. Nkhuku za a Nasibeko zinadutsa pakati pathu. Kenaka anakakulunga m'kampango, nati ndivale nsapato.

Sanayambe ndi njinga. Tinayenda wapansi mpaka ku Chitawira. Pa mtengo paja panali anthu ochepa kusiyana ndi tsiku lija, ndipo ababa anadikira mpaka a Chikopa atatukula mutu. Anavula chipewa, anamasula kampango, n'kuyankhula mokweza ngati mmene anachitira poyamba, kuti onse amve.

"Achimwene, ndinakulakwirani. Kanthu kaja kanali kunyumba kwanga. Kanagwa m'manja mwanga."

Dzina langa sanalitchule. A Chikopa anayang'ana kajetiko, anayang'ana ine, ndipo ndikukhulupirira kuti anaona nsonga ya chitenje changa yokwinyika. Anati munthu akakutchula wakuba pagulu, fungo lake silichoka ndi pepani mmodzi. Koma anawonjeza kuti za tchizulo zija nawonso zinkawasowetsa tulo. Anafufuza m'bokosi lawo n'kutulutsa bawuti labwino, nati likalowe m'malo mwa lija anaphwanya. Ine anandipatsa chidutswa cha nzimbe, nati mwana wofatsa chonchi ngwoopsa kuposa wolongolola.

Titabwerera ababa anandiuza kuti ndimange ndekha kajetiko. Anandigwira zala, n'kundionetsa kuti mkuwa sufuna mphamvu, umazungulitsa mpaka ukhale, kenaka pang'ono chabe. Anatsuka pulagi, anasintha paipi ija ya waya, anaponda kiki kawiri. Njinga inalira bwinobwino, mopanda utsi. A Nasibeko anatuluka ndi chipande m'manja n'kululutira. Ine ndinapita kuseri kwa bafa kukalira.

Ntchito sanaitaye. Anaperekera buledi zaka zina zitatu, mpaka bekale ija inagula galimoto. Njinga anaigulitsa, iwo n'kupita ku Tete kukafuna ntchito ina. Kuyambira pamenepo tinkawaona pa Khirisimasi pokha, ndipo zaka zina osawaona n'komwe. Ndili mwana ndinkayesa kuti njinga ija ndiyo inkatilanda ababa. Ndinazindikira itapita kuti ndiyo inkawabweretsa, mwezi ndi mwezi, ndi buledi awiri m'kireti. Lero ndimagwira ntchito m'sitolo ina mu Limbe, ndipo ndikaona bambo akudutsa ndi chitsulo chokulunga m'kampango, ndimayang'ana ngati kumbuyo kwake kuli mwana.

Za tsiku lija sanazitchulenso, ngakhale kwa amayi. Pondibweza kumudzi anandiveka chisoti chawo, chimene chinkanditsikira mpaka pamphuno, nati ndigwire zolimba. Ndinakanikiza tsaya pamsana pawo, pa jekete yonunkhira petulo ndi buledi. Titadutsa Limbe ndinaona kuti akuyenda pang'onopang'ono, mpaka anthu a njinga zakapalasa ankatsala pang'ono kutipitirira pa mitsetse. Panjira anaima kawiri, ati injini ipume, ngakhale injiniyo inalibe vuto. Ulendo wa ola limodzi tinauyenda mpaka dzuwa kupendeka. Linali Lolemba la Pasaka, chaka chimene ndinali mu Sitandade 5.